Sipika Yong'ambika ya Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene aphunzitsi a Mwale anandilamula kuti ndiziyimba osatulutsa mawu. Lero ndili ndi imvi ndi zidzukulu, koma tsiku limenelo sindinaliiwale. Sindinawakhululukire msanga, ndipo sindinganame kuti ndinayesetsa.

Kwathu ndi ku Chia, kummwera kwa boma la Nkhotakota, kumene anthu amalima mpunga m'madambo ndi chinangwa kumtunda, amuna ambiri n'kumakhalira m'madzi ndi maukonde. Dzina langa ndine Hawa, koma kusukulu dzinali linkamveka poitana mayina m'kalasi basi. Ana anzanga ankanditcha Khwangwala. Ndinabadwa ndi mawu aakulu, okhuthala, osasa ngati a munthu amene chimfine chamukanirira. Amayi anayesa uchi, anayesa mandimu, anayesa mazira aawisi, mpaka anakatenga madzi owerengeredwa dua kwa a shehe. Mawu anakana kusintha. Tsoka lake linali loti ine ndinkakonda kuyimba kuposa ana onse a mawu okoma aja. Ndinkayimba popuntha mpunga, ndinkayimba povuula chinangwa, ndipo kwaya ya sukulu itayamba kukonzekera mpikisano wa masukulu a m'dera lathu, ndinali woyamba kukaima pamzere.

A Mwale anali munthu waukhondo, wa malaya osita bwino ndi tayi ngakhale m'chilimwe pamene mchenga umawotcha mapazi. Nyimbo ankazidziwa, zimenezo sindingawalande. Tsiku lina masana tikuyeserera pansi pa mtengo wa mango, anayamba kuyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa mizere atatchera khutu. Atafika pa ine anakweza dzanja, nyimbo n'kuduka.

"Ndani akucheka matabwa muno?"

Ana onse anafa nako kuseka. Ine ndinangoyang'ana zala zanga za kumapazi.

"Iwe Hawa, sindikuchotsa ayi, chifukwa masitepe umawatha ndipo mzere wakumbuyo ukufunika munthu wamtali. Koma kuyambira lero uzingoyendetsa milomo. Mawu uziwasiya kunyumba."

Ndinamvera. Kwa masabata angapo ndinkaima kumbuyo kuja n'kumatafuna mphepo, milomo ikuyenda, mutu ukugwedezeka, mumtima ndikuwira. Kunyumba sindinauze aliyense. Ndinasiyanso kuyimba popuntha mpunga, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'choti palibe amene anadandaula.

Chaka chomwecho ndi chimene anabwera amalume anga a Twaibu, mlongo wawo wa amayi, amene anapita kumigodi ya ku Zambia ine ndisanabadwe. Anthu obwerera kumudzi kuchokera kunja ankabwera ndi njinga, makina osokera, ena malata a nyumba. Amalume anatsika lole atakoleka gitala yofiira yopanda chibowo pamimba, m'manja atanyamula bokosi lakuda lokhala ndi sipika yaikulu. Kumutu kwawo kunali zigamba zokhazokha. Masiku amenewo lamulo silinkalola mwamuna kusunga tsitsi lalitali, ndiye pachipata cholowera m'dziko muno anawameta mothamanga chitsitsi chimene anachisamalira zaka zambiri. Iwo anakana kukakonzetsa. Anayenda nazo zigambazo mpaka tsitsi linamera lokha, akuti aliyense aone luso la ometa a pachipata.

Amayi anayang'ana gitala, anayang'ana bokosi, kenaka anasuzumira kumbuyo kwa lole ngati kwatsala katundu wina.

"Achimwene, zaka zonsezi chuma chake n'chimenechi?"

"N'chimenechi, achemwali. Njinga imachita dzimbiri."

Magetsi kwathu kunalibe, choncho amalume anapeza batire la galimoto limene ankakalitchajitsa kuchigayo. Tsiku limene analumikiza nthambo zawo koyamba pakhonde, m'bokosimo munatuluka mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Sanali ngati magitala a pawailesi, aja olira mwaulemu. Iyi inkabangula, inkakhosomola, inkachita ngati yakwiya, koma pansi pa ukali wonsewo panali nyimbo yomveka bwinobwino. Nkhuku zinabalalika. Amayi anagwira kumutu n'kupempha chikhululuko kwa Mulungu. Aka kanali koyamba kumva chinthu cholira ngati ine, mwini wake osachita nacho manyazi.

Abambo anga a Jafali anali msodzi, koma chimene ankadziwika nacho kwambiri ndi kusoka maukonde. Ife anthu a kunyanja sititha kuona chibowo n'kuchisiya. Ukonde ukang'ambika lero umasokedwa lero, bwato likayamba kulowa madzi limamatidwa lisanakhudzenso nyanja, ndipo munthu wosiya chong'ambika timamuyesa waulesi. Abambo ndiwo anali mfumu ya khalidwe limeneli. Atasuzumira m'bokosi la alamu awo anaona kuti pepala lakuda la sipika lija linali ndi ming'alu ingapo, ndipo anamvetsa nthawi yomweyo chifukwa chake gitala inkalira moipa chotero. Anawamvera chisoni amalume, koma sananene kanthu kuopa kuwachititsa manyazi.

Lachisanu lina m'mawa amalume anakweza batire panjinga yobwereka kupita kuchigayo. Abambo anamasula bokosi lija, anadula tizigamba ta malaya akale, n'kutenga guluu womatira machubu a njinga. Anamata mng'alu uliwonse mwaluso lawo lonse, anayanika sipikayo padzuwa, itauma n'kuibwezera m'malo mwake. Kenaka anakhala pansi pa ukonde wawo akumwetulira okhaokha.

Amalume atabwera analumikiza nthambo n'kukhwatcha gitala. Inalira mofatsa, moyera, ngati mwana wa sukulu wopereka moni kwa alendo. Anakhwatchanso mwamphamvu. Inayankha mwaulemu womwewo.

"Ndani wagwira sipika yanga?"

"Ndine, alamu," anatero abambo osadzutsa mutu. "Inali itang'ambika. Musavutike n'kuthokoza, n'zazing'ono."

"Kuthokoza? Alamu, mwandiphera gitala! Awe mwandi!" anakuwa amalume m'chilankhulo cha kumigodi. "Ming'alu imeneyo ndinacheka ndekha ndi lezala!"

Abambo anaika singano pansi. "Munacheka nokha? Chinthu chogula?"

Amalume anatenga kampeni kamene abambo ankadulira ulusi wa ukonde, anagwada patsogolo pa bokosi, n'kuchekanso sipikayo pambali pa chigamba chilichonse, mosamala ngati akutema mphini. Atakhwatcha, chilombo chija chinadzuka n'kubangula. Abambo anayang'ana zonsezi ndi nkhope ya munthu amene akuona ukonde watsopano ukudulidwa. Anapukusa mutu, anavala kofia, n'kunyamuka kupita kumzikiti nthawi ya swala isanakwane n'komwe.

Pamenepo ndi pamene ndinalimba mtima n'kufunsa amalume chifukwa chake munthu angawononge dala chinthu chabwinobwino. Anandiuza kuti ndikhale pansi, ndipo anandifotokozera mbiri imene ndinkayesa kuti akungopeka, pakuti anali munthu wodziwa kukometsera nkhani.

Anati poyamba gitala inali kabokosi ka mawu ochepa. M'nyumba zovinira za kunja, ng'oma ndi malipenga zinkaimiza, moti woyimba gitala ankangooneka zala zikuyenda, mawu osamveka. Atanena zimenezi ndinakumbukira mzere wanga wakumbuyo uja, koma sindinawadule. Kenaka anthu ena anaiika magetsi, gitala n'kupeza pakamwa. Komabe eni ake a makina ankafuna kuti izilira moyera, ndipo ikangosasa pang'ono ankati yawonongeka. Ndiye akuti ku America, anyamata ena akuda akupita kukajambula nyimbo, bokosi lawo linawonongeka panjira, sipika n'kung'ambika. Lina analibe, kubwerera sakanatha. Anangotsendera mapepala m'katimo n'kujambula momwemo, ndipo anthu atamva kusasa kuja anapenga nako. Patapita zaka, anyamata a ku Mangalande anayamba kucheka okha masipika awo ndi malezala. Mapeto ake makampani omwe aja ankati n'kuwonongeka anayamba kupanga timabokosi toponda ndi phazi, togulitsa kusasa komweko. Nyimbo zimene amazitcha roko zinakula choncho, zinawoloka nyanja, zinafika mpaka kumigodi kumene anyamata anazisakaniza ndi ng'oma ndi zilankhulo zakwawo.

"Kabokosi kopondako sindikanakakwanitsa," anatero amalume. "Lezala ndinali nalo."

Ndinawauza za kwaya. Ndinayamba bwinobwino, koma pofika pa matabwa aja misozi inali itatsika kale. Amalume sanandisisite kumsana, sanatukwanenso aphunzitsi. Anangoti ndiimirire ndiyimbe nyimbo ya mpikisanoyo. Nditamaliza anakanda chigamba china kumutu.

"Mawu uli nawo, Hawa, ndipo ndi akoako. Koma ukuphonya. Kusasa n'kwina, kuphonya n'kwina. Ine sipika ndang'amba, koma unandionapo ndikuyimba nsambo zosachuna?"

Zinandiwawa, pakuti ndinkayembekezera kuti andiuza kuti ndine katswiri. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaweruka kumadarasa ndinkapita pakhonde pawo. Iwo ankakhudza nsambo imodzi, ine n'kumaitsata ndi mawu mpaka titakumana. Pa nkhani ya kuphonya anali ovuta kuposa a Mwale. Liwu limodzi ankatha kundibwerezetsa mpaka amayi atakuwa kuti mtondo ukundidikira. Koma sanandiuzepo ngakhale kamodzi kuti ndichepetse mawu kapena ndiwasalaze. Sanandiuzenso choti ndikachite pa mpikisano. Chimenecho chinali changa.

Mpikisano unachitikira pasukulu ina ya kufupi ndi boma, m'holo yodzaza ndi ana, makolo ndi fungo la thukuta ndi sopo. Nyimbo yathu inali yolimbikitsa anthu kulima. Ndime yoyamba ndinatafuna mphepo monga mwa lamulo. Koma ndikuyang'ana anthu onsewo akundiona ndikutsegula pakamwa popanda kanthu, ndinadzimva ngati wakuba. Pofika ndime yachiwiri, pamene anyamata a mawu apansi ankalowa, ndinakoka mpweya n'kulowa nawo.

Sindinaphonye. Zimenezi ndidzazinena mpaka tsiku londiika m'manda. Mawu anga anadutsa pansi pa nyimbo yonse n'kukagunda khoma la kumbuyo. Mmodzi wa oweruza anadzutsa mutu n'kuvula magalasi. Ana ena anaseka, koma kumbuyo kwa holo amayi ena anaimba nthungululu. Dzanja la a Mwale linapitiriza kuyenda m'mwamba, maso awo okha ndiwo anandilasa mpaka nyimbo inatha. Chikho sitinatenge. Kaya chinali chifukwa cha ine sindidziwa, ndipo mpaka pano ndimakana kusenza mlanduwo ndekha, poti atsikana a kutsogolo anathamangitsa ndime yomaliza aliyense akumva.

Lolemba chigamulo chinatuluka. Ndizule chitsa cha kuseri kwa kalasi. Ndikatero ndiime pa asembule ndipepese zinthu ziwiri: kuti sindinamvere aphunzitsi, ndi kuti mawu anga anawononga nyimbo. Popanda kutero, m'kalasi ndisalowenso. Anandiuzanso kuti ndibwere ndi kholo.

Amayi anagwidwa ndi mantha enieni. Masiku amenewo mtsikana akachoka pasukulu sankakhalitsa pakhomo, akuchimuna ankayamba kufunsira mwezi usanathe. Mwa mwambo wathu mlandu wa mwana sayankha ndi bambo, amayankha ndi malume, mwini mbumba. Ndiye amayi, amene ankati gitala ija ndi ya satana, anapita okha pakhonde pa mlongo wawo.

"Mutu waukulu sulewa nkhonya, achimwene. Mwamuyambitsa ndinu. Pitani, koma chonde chigitala chanucho chitsale."

Ine ndinkayembekezera nkhondo. Ndinkaona m'maganizo amalume akuwakhazika pansi a Mwale ndi mbiri yonse ya ku America ija. Sizinatero. A Mwale anafotokoza modekha kuti kwaya ndi ana ambiri amene anavutika miyezi, ndipo mwana mmodzi sangasinthe zinthu payekha pamaso pa oweruza. Amalume anamvetsera atagwira chipewa m'manja n'kuyankha kuti, "Apo mwanena zoona, aphunzitsi." Ndinaona ngati andigulitsa. Pobwerera ndinayenda patsogolo osawalankhula, mpaka iwo anandipeza pamlatho.

"Walira mvula walira matope, Hawa. Chitsa ukazule. Kusamvera ukapepese, chifukwa sunamveredi."

"Nanga chinacho, amalume?"

"Chinacho n'cha pakamwa pako. Ine sindilowamo."

Chitsa ndinazula. Chinali cha mtengo wouma wa mizu yozama, ndipo chinanditulutsa matuza m'manja monse. M'mawa wa tsiku lopepesa amayi anandiperekeza mpaka pamsewu akundichonderera kuti ndingonena, mawu sapha munthu. Ndinawayankha kuti ndamva.

Ndinaima pakhonde la ofesi, sukulu yonse ili pamizere kutsogolo kwanga. Ndinatulutsa mawu anga onse, osasa momwemo.

"Ndikupepesa chifukwa sindinamvere aphunzitsi."

"Pitiriza," anatero a Mwale.

Ndinapitiriza. Ndinatsegula pakamwa n'kuyendetsa milomo bwinobwino, liwu lililonse m'malo mwake, mutu ukugwedezeka mwaulemu, monga ndinachitira masabata onse aja kumzere wakumbuyo. Sipanatuluke ngakhale kampweya.

"Sitikumva!" anakuwa a Mwale.

"Mawu ndawasiya kunyumba, aphunzitsi, monga munandiuzira."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunali kosiyana ndi kwa tsiku la matabwa, ndipo ndinakumva kukoma ngakhale ndinkadziwa mtengo wake. Ndinalandira zikwapu m'manja a matuza omwewo, kenaka anandiuza kuti nditenge mabuku anga ndizipita. Ndinalira njira yonse, koma sikunali kulira kodandaula.

Amayi anakhala osandilankhula. Amalume anati mbali yawo anachita, ndipo kubwereranso kusukulu kukangowonjezera moto. Amene anadzuka ndi munthu amene sindinkamuganizira n'komwe. M'mawa mwake abambo anakoleka ukonde paphewa, anatenga singano ndi ulusi, n'kupita kusukulu. Anaukoloweka panthambi ya mango uja tinkayesererapo kwaya, anakhala pansi, n'kuyamba kusoka. Aphunzitsi aakulu atawafunsa chimene akufuna, anayankha mwaulemu kuti akudikira tsiku limene mwana wawo adzalowe m'kalasi, ndipo poti ntchito siidikira, abwera nayo. Sanakangane ndi munthu. Aliyense wodutsa ankamupatsa moni. Tsiku lotsatira anabweranso, linzake anabweranso, asodzi anzawo n'kuyamba kuwabweretsera maukonde awo komweko, mpaka bwalo la sukulu linayamba kununkha nsomba. Sabata isanathe aphunzitsi aakulu anagamula kuti kupepesa koyamba kuja sukulu yonse inakumva, ndipo n'kokwanira. Ndinabwerera m'kalasi. Kukwaya kokha sanandilolenso.

Tikubwerera kunyumba tsiku limenelo, ine nditasenza theka la ukonde, ndinawafunsa abambo chifukwa chake anachita zimenezi, iwo amene ankadana ndi phokoso.

"Ukonde ndimasoka pong'ambika pokha. Maso ake sinditseka, ukatseka maso sugwiranso nsomba. Pa sipika ya alamu paja ndinasokoneza ziwirizi. Sindifuna kusokonezanso pa mwana wanga."

Bokosi lija sanalikhudzenso, ngakhale kuti gitala ikayamba kulira ankapezabe chifukwa chopitira kudooko.

Zaka zapita. Ndaona mbale za galamafoni zikusiyira malo makaseti, makaseti akusiyira timbale tonyezimira, ndipo lero nyimbo za dziko lonse zili m'foni ya mdzukulu wanga. Iyeyu ndi amene anandisonyeza kuti mbiri ya amalume ija sinali yopeka, ngakhale anathiramo mchere wawo apa ndi apo. Amalume anamwalira kalekale, sipika yawo inadyedwa ndi mphemvu. Ndikumva kuti masiku ano makina amatha kusalaza mawu a woyimba aliyense mpaka onse azimveka ngati ana a mayi mmodzi. Zabwino zonse kwa iwo. Ine ndikatsegula wailesi ndimafunafuna uja amene mawu ake ali ndi mng'alu.

Ndinadzakhala mphunzitsi, ndipo ndaphunzitsa m'masukulu a m'mbali mwa nyanja kuyambira kwathu kuno mpaka ku Dwangwa ndi ku Dwambazi. Kulikonse kumene ndinapita ndinkapempha ndekha kuti andipatse kwaya. A Mwale ndinadzawamvetsa pa chinthu chimodzi, kuti kwaya si ya munthu mmodzi, ndipo mwana wophonya ndinkamubwerezetsa liwu mpaka atadana nane. Pa chinacho sindinawamvetse ndipo sindifuna kuwamvetsa. Chimene ndikudziwa tsopano n'choti mwana amachunidwa nsambo, samatidwa pakamwa.

Chaka changa chomaliza ndisanapume, aphunzitsi aakulu anandikokera pambali tikukonzekera mpikisano. Munali kamtsikana m'kwaya yanga ka mawu aakulu osasa, ndipo iwo anandinong'oneza kuti mwina ndikaike kumbuyo, kazingoyendetsa milomo, kuti chaka chino chokha tibwereko ndi chikho. Ndinawathokoza chifukwa cha malangizo. Tsiku la mpikisano kamtsikanako ndinakaimika kutsogolo, pakati penipeni, moyang'anizana ndi oweruza.

Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa, kwaya yanga sinatengepo chikho. Koma palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anatafunapo mphepo pamaso panga.